Kukwera Boti Loonera Malo ku Cape Town

Maboti onyamula anthu okaona malo ku Cape Town amanyamukira padoko la V&A Waterfront. Ena amangozungulira m'kati mwa doko kwa theka la ola, pamene ena amatulukira kunja ku Table Bay kwa ola limodzi kapena kupitirira apo, ndipo kwa munthu woyamba kumene ndimalangiza ulendo waufupiwo.

Musanagule tikiti, ganizirani za mphepo, pakuti ndiyo imalamulira ulendo wonse. M'miyezi yotentha, makamaka kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, kumawomba mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene eni dera amaitcha Cape Doctor, ndipo kawirikawiri imakula dzuwa likapendeka. Amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi amadziwa mmene mwera umawinditsira madzi. Kunonso n'chimodzimodzi, choncho sankhani boti la m'mawa. Yang'anani pamwamba pa Table Mountain: mukaona mtambo woyera utayalana paphiripo n'kumatsetserekera m'munsi ngati nsalu ya patebulo, dziwani kuti mphepo yafika.

Tengani juzi ngakhale kumtunda kukutentha, chifukwa madzi a Atlantic a mbali imeneyi ndi ozizira kwambiri, ndipo boti likangotuluka m'doko kuzizirako kumalowa m'mafupa. Ngati mumachita nseru paulendo, idyani pang'ono chabe, khalani chapakati pa boti pomwe sipagwedezeka kwambiri, ndipo maso anu akhale patali m'malo moyang'ana foni. Mverani bwino antchito a m'boti akamafotokoza pomwe pali majekete oyandamitsa munthu, makamaka ngati muli ndi ana.

M'doko muona nyama zotchedwa seal, zooneka ngati akatumbu akuluakulu, zitagona pamatabwa n'kumawothera dzuwa mosasamala za anthu. Boti likalowera chakumadzulo muonanso nsanja ya nyali ya Green Point, yamizere yofiira ndi yoyera, imene inayamba kuunikira sitima mu 1824.

Ulendo wa ku Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18 kuyambira 1964, ndi wosiyana ndi maulendo awa. Boti lake limanyamukira pa Nelson Mandela Gateway pafupi ndi Clock Tower, ulendowo umatenga pafupifupi maola anayi, ndipo tikiti muyenera kuguliratu pa intaneti. Musauike pa tsiku lanu lomaliza mumzindawu, chifukwa nyanja ikawinduka maboti sanyamuka.