Kodi ndingaone bwanji mapulaneti mwezi ndi mwezi popanda telesikopu?

Zimatheka ndi maso okha. Kumayambiriro kwa mwezi tsegulani pulogalamu ya Stellarium pafoni, muone mapulaneti amene ali kumwamba, chifukwa malo awo amasinthasintha.

Kenako pitani kutali ndi magetsi, mudikire mphindi 20 kuti maso azolowere mdima. Yang'anani njira imene Dzuwa ndi Mwezi zimadutsa, poti mapulaneti amayenda momwemo. Nyenyezi imaphethira, pulaneti imawala modekha.

Yambani ndi Venus, Nthanda ija. Sitalikira Dzuwa, ndiye muifune kumadzulo likangolowa kapena kum'mawa mbandakucha. Mars ndi yofiirira. Koma musaphonye Jupiter. Mukapeza mabayinokula, tsamiritsani zigongono pakhoma kuti manja asanjenjemere, mudzaona timadontho pambali pake. Imeneyo ndi miyezi yake inayi imene katswiri wa zakuthambo Galileo anaiona mu Januwale 1610, ndipo mawa lake mudzaipeza itasuntha.

Lembani zimene mwaona m'kope.