Mmene mungagwiritsire ntchito kakadi ka Amayi Maria popemphera kolona

Ngati muli ndi kakadi kaja ka chithunzi cha Amayi Maria kokhala ndi pemphero kumbuyo, choyamba pitani nako kwa abambo akadalitse Misa ikatha, sizitenga nthawi olo pang'ono. Kenako kapezereni malo, kaya mu Baibulo kaya pa shelefu pafupi ndi kandulo, koma mu chikwama cha ndalama ayi kamangopindika kenako zilembo zonse zafufutika, bola kukaveka kapulasitiki.

Popemphera yambani ndi chizindikiro cha mtanda, werengani pemphero la pa kadipo mofatsa osathamanga ngati mukuthamangira minibasi, ndiye mulowe mu kolona. Chigawo chilichonse ndi Atate athu kamodzi, Tikuoneni Maria ka 10 kenako Ulemu kwa Atate, zigawo 5 basi mwamaliza. Popemphera kolona timalingalira zinsinsi, ndiye kuti zochitika za m'moyo wa Yesu ndi Amayi Maria: Lolemba ndi Loweruka zachimwemwe, Lachiwiri ndi Lachisanu zachisoni, Lachitatu ndi Lamulungu zaulemerero, pomwe Lachinayi ndi za kuwala zija anawonjezera Papa John Paul II mu 2002, anthu ambiri amaziiwalabe izizi ndiye zilembeni pakapepala muziike limodzi ndi kadiyo.

Komatu kadi si chithumwa, ndipo sitipembedza pepala kapena Amayi Maria ayi, timangowalemekeza nkuwapempha atipempherere kwa Mwana wawo. Ikang'ambika musataye kudzala poti ndi yodalitsidwa, iwotcheni kapena muikwirire. Mu May ndi October pitani nayo ku mphakati, kolona wa pagulu amathandiza kwambiri kwa amene amasinza akakhala okha.