Kukwera sitima ndi njinga yopalasa chotsamira

Musanagule tikiti, yezani njinga yanu. Njinga zopalasa chotsamira zimakhala zazitali, zina zimapitirira mamita 2, pomwe malo a m'sitima anawakonzera njinga wamba. Auzeni a sitima kutalika kwake ndipo musungitsiretu malo. Ngati ndi ya matayala atatu nenaninso, chifukwa imatha kukanidwa kuti ikutseka njira.

Povuta kwenikweni ndi pa ngowe zopachikira. Zopalasira zimatsogola, ndiye zimagunda khoma tayala lisanafike pa ngowe. Ine ndimaipachika ndi tayala lakumbuyo, n'kuimanga ndi lamba kuti isamagwedezeke. Zulani kambendera, ndipo giya yakutsogolo muikulunge ndi kansalu. Mano ake amakola zovala za anzanu pakhomo, girisi n'kuwadetsa.