Mmene mungalumikizire ma PlayStation 3 kuti agwire ntchito ya seva

Musanathamangire kukasaka ma PlayStation 3 (PS3) akale, makina a Sony osewerera magemu, dzifunseni kaye kuti ntchito imene mukufuna makinawo agwire ndi yotani. Ngati ndi masamu ochuluka omwe angagawidwe zidutswazidutswa, chilichonse n'kuwerengedwa pachokha, PS3 ikuthandizani. Ngati ntchitoyo imadya memore yambiri, musadzivutitse, chifukwa RAM yake ndi 256 MB basi.

Chomwe chinakopa asayansi ndi purosesa ya Cell, imene Sony, Toshiba ndi IBM anapangira limodzi. Sony inkagulitsa makinawa pamtengo wotsika kuposa ndalama zowapangira, poyembekezera kudzapeza phindu pa magemu, ndiye ochita kafukufuku anaona mwayi. Mu 2007 Gaurav Khanna wa ku University of Massachusetts Dartmouth anawalumikiza n'kumawerengera za ma black hole. Mu 2010 asilikali a m'mlengalenga a ku America anamanga kompyuta yamphamvu yotchedwa Condor Cluster ku Rome, New York, ndi ma PS3 okwana 1,760.

Poyamba penipeni ndi pogula. Fufuzani PS3 yakale ija, yonenepa. Ya Slim, yomwe inatuluka mu 2009, ilibe OtherOS, njira yoikira Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene mudzagwiritse ntchito. Ngakhale yonenepayo, iyatseni muone nambala ya firmware, pulogalamu ya Sony yoyendetsa makinawo, pa System Information. Ikakhala 3.21 kapena kuposa pamenepo, isiyeni, chifukwa mu April 2010 Sony inachotsa OtherOS kudzera mu firmware imeneyi. Mukapeza yoyenera, musailole kuti ipange update ngakhale kamodzi. Ine ndimamata kapepala pamwamba pa makina aliwonse kolembedwa kuti "osapanga update", chifukwa wina akangodina batani lija, basi yatha.

Kenako gawani hadi disiki pa Format Utility, mbali ina ikhale ya Linux. Pa fulashi pangani foda ya PS3, mkati mwake ina ya otheros, muikemo fayilo ya otheros.bld yomwe imayambitsa makina, kaya ya kboot kapena Petitboot. Sankhani Install Other OS, musinthe Default System ikhale Other OS, kenako ikani Linux ya PowerPC, mtundu wa mapurosesa umene Cell ilimo. Yellow Dog Linux ndi imene ambiri ankagwiritsa ntchito, Fedora nayonso inkayenda. Zithunzi za pa desktop zimitsani zonse, mutsale ndi mawu olemba okha, poti memore yochepayo ikufunika pa masamu.

Za netiweki sizovuta. PS3 iliyonse ili ndi Gigabit Ethernet, choncho gulani switch (kabokosi kolumikizira makina onse) ya liwiro lomwelo ndi mawaya, Wi-Fi muiiwale. Makina aliwonse apatseni IP (adiresi ya pa netiweki) yosasintha ndi dzina. Kompyuta wamba imodzi isunge mafayilo onse n'kuwagawa kudzera pa NFS, njira yogawana mafayilo pa netiweki. Konzani makiyi a SSH kuti makina azilowana popanda pasiwedi, ikani pa onse Open MPI, pulogalamu yothandiza makina kugawana ntchito, mulembe mayina awo mu fayilo yake ya hostfile. Pulogalamu yanu muipange compile (kuisandutsa malangizo amene purosesa imamva) pa PS3 pomwepo, chifukwa ya pa kompyuta ya Intel siingayende pa PowerPC. Yesani kaye ndi makina awiri, aliwonse angolemba dzina lawo. Zikatheka, onjezani enawo.

Apa ndi pamene ndimapempha anthu kuti adekhe. Mukangotenga pulogalamu wamba n'kuiyendetsa, mukhumudwa, iyenda mwaulesi kuposa laputopu. Chifukwa chake n'chakuti ikugwiritsa ntchito PPE yokha, mbali imodzi ya purosesa yomwe ntchito yake ndi kuyang'anira. Mphamvu zenizeni zili mu tizigawo totchedwa SPE. Cell ili nato 8, koma pa Linux mumapatsidwa 6. Kalikonse kali ndi kamemore kakekake ka 256 KB, ndipo sikatha kungowerenga RAM yaikulu mwachindunji: inu ndi amene muyenera kulemba malangizo okatengera deta kudzera pa DMA, njira yosamutsira deta pakati pa memore ziwirizi, kachidutswa kachidutswa. Luso lake ndi kuitanitsa chidutswa chotsatira pamene SPE ikadali kuwerengera choyamba, kuti isakhale manja lende kudikirira. Zida zake ndi spu-gcc ndi libspe2 za mu Cell SDK ya IBM. Dziwaninso kuti liwiro lalikulu la ma SPE ndi la manambala a single precision, okhala ndi madijiti ochepa. Pa double precision, ya madijiti ambiri, limatsika kwambiri. Ndipo chipu cha zithunzi cha RSX n'chotsekedwa pa Linux, musachiwerengere.

Ine ndimaona kuti masiku ano amene akungofuna liwiro pa ndalama zochepa angachite bwino kugula kompyuta yogwiritsidwa kale ntchito yokhala ndi GPU (chipu cha zithunzi) yabwino. Phindu la ma PS3 latsala pa kuphunzira. Palibe chimene chimaphunzitsa munthu kugawa ntchito ndi kusamala memore ngati kukakamizidwa kulowetsa masamu mu 256 KB.

Pomaliza magetsi ndi kutentha. PS3 yoyambirira ikamagwira ntchito mwamphamvu imadya pafupifupi mawati 200, ndiye ma PS3 8 sangadalire soketi imodzi yotchipa. Musawasanjikize, aimikeni motalikirana, kumbuyo kukhale kotseguka, muzichotsa fumbi m'mabowo a mpweya. Makinawa akalamba, ndipo kanyali kachikasu kakangowala poyatsa, ndiye kuti awonongeka. N'chifukwa chake pulogalamu yanu izisunga zotsatira zake pa seva ya NFS pafupipafupi, kuti PS3 imodzi ikafa pakati pa ntchito mudzapitirize pomwe munalekezera.