Kukonzekera mpikisano wa wushu taolu: kumene mapointi amathera

Wushu ndi masewera a nkhonya ndi zida ochokera ku China. Pa mbali yake yotchedwa taolu, wosewera amalowa yekha pa kapeti n'kuonetsa mayendedwe amene anawaloweza, oweruza akumuyang'ana. Masewerawa ali pa Asian Games kuyambira 1990 ku Beijing, ndipo anaikidwanso pa Youth Olympic Games ya 2026 ku Dakar. Mphunzitsi wa kuno ku Salima angathe kukonzekeretsa ana ngakhale alibe kapeti, bola atsate miyeso ya IWUF, bungwe loyang'anira wushu pa dziko lonse.

Yambani ndi bwalo. Yezani mamita 14 m'litali ndi 8 m'lifupi pamalo osalala, malire muwalembe ndi phulusa. Phazi likaponda kunja, mapointi 0.1 apita, choncho mwana azolowere malirewo kuyambira tsiku loyamba. Mchenga wa ku Senga Bay umalimbitsa miyendo, koma musaphunzitsirepo kulumpha kozungulira: phazi limatitimira, thupi n'kupitiriza kuzungulira, bondo n'kubinya.

Mapointi onse ndi 10. Asanu ndi a ukhondo wa mayendedwe, atatu a mphamvu ndi kayendedwe ka sewero lonse, awiri okha ndiwo a mayendedwe ovuta amene amati nandu. Achinyamata amathamangira awiriwo chifukwa ndiwo amakuwitsa anthu, n'kumataya pa asanu aja. Pa mabu, kaimidwe kotangadza ngati wakwera hatchi, ntchafu zigone mopingasa, zidendene zisanyamuke. Pa gongbu, kaimidwe kopinda bondo lakutsogolo, mwendo wakumbuyo uwongoke ndipo chidendene chake chigwire pansi. Chilichonse chikaphonyeka ndi 0.1, ndipo zimaunjikana msanga, makamaka chakumapeto miyendo ikayamba kunjenjemera. N'chifukwa chake kaimidweka muzikayesa mwana atatopa kale, osati akangofika kumene.

Pa xuanfengjiao, kulumpha kozungulira komenya phazi ndi dzanja m'mwamba, sankhani kumene mwana amakwanitsa nthawi zonse. Kuzungulira madigiri 540 kumapatsa zambiri kuposa 360, koma akapanda kukwanitsa sapatsidwa kanthu. Akatera n'kugwira pansi ndi dzanja amuchotsera 0.2, akagwa 0.3. Jambulani pa foni, muonere pang'onopang'ono kumene mapazi analoza ponyamuka ndi potera. Diso lokha limanama.

Changquan ndi nanquan, mitundu ya taolu yopanda zida, zisachepere mphindi imodzi ndi masekondi 20 kwa akuluakulu. Ambiri amafulumira ndi mantha n'kumaliza nthawi isanakwane, ndiye poyeserera muzisiya masekondi angapo apamwamba.

Zida nazo zili ndi muyeso. Ndodo, imene pa Chitchaina amati gun, isafupike kuposa msinkhu wa mwini wake. Nsungwi yowongoka imathandiza poyambira, ngakhale kulemera kwake n'kosiyana ndi ya mpikisano. Lupanga akaligwira dzanja lili m'mbali, nsonga ifike pamwamba pa khutu. Chigwiriro muzichipukuta thukuta, makamaka ndi dzuwa la mu Okutobala kunyanja kuno, chifukwa chida chikapulumuka n'kugwa pansi ndi 0.3 yonse.