Mabuku a zithunzi za nyama, mwana muziwerenga naye kenako mutuluke panja

Makolo anzanga a mu Blantyre muno, nkhani iyi ndakhala ndikuikamba m'misonkhano ya makolo kusukulu za mkaka, lero ndati ndiilembe. Mwana wa zaka 5 ku Chilomoni kapena ku Bangwe mukamuonetsa chithunzi amakuuzani kuti uyu ndi penguin, koma pumbwa amene amadya mapapaya kuseri kwa nyumba yawo tsiku ndi tsiku samudziwa dzina. Mwanayo sanalakwe ayi. Mabuku ambiri amene timagula pa kaunjika ndi akunja, nyama zake ndi za kumayiko a chipale.

Ndiye posankha buku, kaya mukubwereka ku laibulale ya National Library Service kaya mukugula, yang'anani loti muli nyama zathu zino, njovu, mvuu, anyani, nkhanga, nkhwazi. Zithunzi zikhale zazikulu mawu ochepa, ndipo ine ndimakonda kwambiri mabuku aja oti pachithunzi pali mwana ndi kholo lake akhala phee akuyang'ana mbalame, chifukwa mwana amatengera zomwe waona, amaphunzira kuti nyama sumaithamangitsa, umaidikira. Olo bukulo likhale lachingerezi palibe vuto, inu muzitchula dzina lachichewa, chipembere, nyamalikiti, nantchengwa. Ngati dzina lakuthawani imbirani agogo kumudzi, amawadziwa onse.

Powerenga musathamange ngati mukuwerenga chikalata. Imani pa tsamba limodzi, mufunseni, "Iwe, mbalameyi mlomo wake ndi wotani, ukuganiza imadya chani?" Musiyeni aloze yekha ndi chala. Akafuna tsamba lomwelo kasanu bwerezani basi, ana amaphunzira choncho.

Tsopano apa ndi pamene ambiri timalekera panjira. Buku likatha timaliika pa shelefu nkhani yatha. Ayi, m'mawa mwake cha m'ma 6 koloko dzuwa lisanatenthe tulukani naye pakhonde ndi buku lomwelo, foni muisiye m'nyumba, mukhale chete mphindi 10 zokha. Mudzaona njiwa, akhwangwala, anamzeze akuzungulira makamaka mvula ikayamba ngumbi zikutuluka, mwina gulo pa mtengo akugwedeza mutu wake. Mwana akaona chinthu chamoyo chofanana ndi cha m'buku nkhope yake imawala, ndipo dzina limenelo sadzaliiwalanso. Gulani kope la mtengo wotsika azijambulamo zomwe waona, inu muzilemba dzina ndi tsiku m'munsi, pakatha miyezi itatu ali ndi buku lake lake la nyama za pakhomo panu.

Chimodzi chomwe chimandiwawa, ndi ife akuluakulu amene timaphunzitsa ana mantha. Kadzidzi akalira pa denga timati ndi za ufiti, bilimankhwe tikamuona timatola miyala. Chonsecho kadzidzi ndi amene amatithera makoswe usiku, bilimankhwe amadya ntchentche ndi ziwala, alibe ululu. Ngati mukuwerenga za kadzidzi usiku kenako mawa mukumugenda, mwana atsatira dzanja lanu. Zalegeni nazonso, mnyamata amene waphunzira kutchula mbalame mayina mumuuze bwinobwino kuti chisa sitimaphwasula.

Loweruka lina mukapeza mpata kwerani naye ku Michiru, ndi pompano. Kuli apusi, anyani, mbalame zambirimbiri, ndipo afisi aliko ngakhale masana simungawaone. Funsani alonda a nkhalango akuperekezeni, musawapatse anyani chakudya, amazolowera n'kuyamba kulanda, ndipo mwana akhale pafupi nanu nthawi zonse.

Amene thumba likulola, Majete ku Chikwawa ndi pafupifupi makilomita 70 kuchokera mu tauni muno, kutsika zitunda zija mpaka kuoloka Shire. Nkhalango imeneyi nyama zinali zitatsala pang'ono kutheratu ndi opha mozemba, bungwe losamalira nkhalango za nyama la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2003 n'kubweretsanso zipembere, njovu zinabwera mu 2006, mikango mu 2012, anyamalikiti mu 2018. Nkhani imeneyi mumufotokozere mwana muli m'galimoto, ana amaimva kwambiri, amafunsa kuti nanga zinapita kuti poyamba. Nyengo yabwino ndi yachilimwe udzu utauma nyama zikusonkhana kumadzi, koma ku Chikwawa mu Okutobala kumatentha zedi, nyamukani m'mamawa, tengani madzi ambiri ndi chipewa cha mwana. Mu paki musatsike m'galimoto pokhapokha pamalo pomwe akuuzani.

Mwana akayamba pulayimale funsani aphunzitsi ngati pasukulupo pali kalabu ya zachilengedwe, bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM (Wildlife and Environmental Society of Malawi) limagwira ntchito ndi makalabu amenewa m'sukulu zambiri. Ngati palibe, kambiranani ndi makolo anzanu pa msonkhano wa PTA muyambitse, kope la zojambula lija apite nalo akaonetse anzake.