Kupaka girisi posintha mapadi a mabuleki a Brembo pa Subaru WRX STI

Pa kalipa (chipangizo chopanikiza mapadi pa disiki ya buleki) ya Brembo ya mapisitoni anayi, girisi amapita pokhapo pamene chitsulo chikukhudzana ndi chitsulo, ndipo azikhala wochepa kwambiri.

1. Zulani mapini awiri ogwira mapadi, chotsani sipuling'i yapamwamba, solani mapadi akale.

2. Kwechani ndi burashi m'malo mokhala mapadi, tsukani ndi mankhwala otsukira mabuleki (brake cleaner). Mukatero bwezerani mapisitoni mkati pang'onopang'ono.

3. Tengani girisi wa mabuleki wa ceramic wopirira moto. Girisi wamba wa mabering'i ayi: amasungunuka mabuleki akatentha, komanso amatupitsa labala yoteteza pisitoni, kenako pisitoniyo imayamba kukakamira. Girisi wa kopa amakondedwa m'magalaja ambiri, koma kalipa iyi ndi ya aluminiyamu, bola kumupewa.

4. Wofanana ndi njere ya chimanga akwanira padi imodzi. Pakani kumsana kwake pamene pisitoni imakankha, ndi m'mbali mwa chitsulo chake mokhudza kalipa. Mapini ingowapukutani ndi chala cha girisi. Mukachulutsa amakoka fumbi n'kusanduka phala louma, kapena amayenderera mpaka pa disiki.

5. Kumaso kwa padi ndi pa disiki pasafike ngakhale kadontho. Padi imamwa girisi, ndiye ikadetsedwa ingosinthani, kutsuka sikuthandiza.

6. Mukamanga, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe musanasunthe galimoto.

7. Pamsewu wopanda anthu, kuti mapadi atsopano azolowerane ndi disiki, tsitsani liwiro ndi buleki kuchoka pa 100 km/h kufika pa 20 km/h kasanu ndi katatu osaimiratu, kenako yendani mphindi 10 kuti mabuleki azizire.